Khadi la maruni ndi sikirini ya laputopu yanga

Mkangano unabuka chifukwa cha mtundu. Linali Loweruka lina m'mawa, mayi wina ndi mwana wawo wamkazi anabwera pa kashopu kanga ku Limbe kudzaona khadi la ukwati limene ndinawakonzera. Komiti ya ukwati inali itagwirizana kuti mitundu ikhale maruni ndi golide, ndipo mayiwo anali atatenga kachidutswa ka nsalu ya operekeza mkwatibwi kuti ndifananizire. Mtsikanayo anakhala pa kampando kakafupi pambali panga. Mayi ake anaimirira kumbuyo kwathu, atagwira mpando wanga.

"Achimwene, uyu si maruni," anatero mayiwo. "Wasuluka uyu. Akuoneka ngati nsalu yoti yakhala ikuyanikidwa padzuwa chaka chonse."

"Ayi amayi, wachita kuda kwambiri," mwana wawo anayankha. "Ine kuno ndikuona ngati wakuda bii. Mwina amuwalitseko."

Ine ndinali pakati pawo ndipo ndinkaona maruni, wofanana ndithu ndi kansalu kanali m'manja mwanga. Tonse atatu tinkayang'ana khadi limodzi, pa laputopu imodzi, mphindi yomweyo, ndipo panalibe amene ankanama. Ndinanyamuka n'kuwapempha mayiwo kuti akhale pampando wangawo. Atakhala anati, "Eya, uyu ndiye." Atangotsamira kumbuyo pang'ono kuti apume, nkhope yawo inasinthanso. "Nanga wapita kuti?"

Khadilo tinalisindikiza ndipo ukwati unachitika, koma funso la mayiwo linatsala nane. Ntchito yanga ndi kukonza makadi a maukwati ndi zinkhoswe, mapulogalamu a maliro ndi a ziliza, timabuku ta misonkhano ya mipingo, zikwangwani za sukulu za mkombaphala. Anthu amandilipira kuti ndiwaonetse chimene chidzatuluke papepala asanawononge ndalama zawo. Ngati chida chimene ndimawaonetsera chikunena zitatu kwa anthu atatu, ndiye kuti ndikuwagulitsa chinthu chimene ineyo sindinachione bwino. Zinandivutitsa mumtima masabata angapo.

Laputopu yanga ndi ThinkPad T440p. Lenovo inatulutsa mtundu umenewu chakumapeto kwa 2013, koma ife kuno tinayamba kuuona patapita zaka, maofesi a kunja atayamba kuchotsa makompyuta awo akale. Yanga ndinaigula itagwirako kale ntchito kwina. Ndi yolemera, yokhuthala, yakuda ngati mphika wa pamoto, koma siitopa. Pansi pake ukamasula timasikuluwu tiwiri, chivindikiro chachikulu chimachoka, zonse zam'kati n'kukhala poyera. Ndinali nditaikamo kale SSD, chosungira mafayilo chofulumira, ndipo RAM, memore imene kompyuta imagwirira ntchito, ndinaikweza mpaka 16GB, pamene imathera. Sikirini yokha ndi imene sindinaiganizirepo. Ndinkaitenga ngati khungu la laputopu, chinthu chimene imabadwa nacho n'kufa nacho.

Ndipo si ine ndekha. Pitani pamalo alionse ogulitsa malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito, mumve mafunso a ogula. Ndi Core i chani? RAM ndi zingati? Batire limakhala maola angati magetsi akazima? Za sikirini funso ndi limodzi basi, lakuti ilibe mng'alu. Chonsecho purosesa sitiiona ndi maso, RAM sitiikhudza. Chimene timakhala tikuyang'ana kuyambira m'mawa mpaka usiku, chimene chimatipweteketsa mutu madzulo, ndi galasi lija.

Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti T440p inkagulitsidwa ndi masikirini atatu osiyana. Yotsikitsitsa inali ya 1366x768, yapakati ya 1600x900, ndipo yapamwamba ya 1920x1080 (manambalawa ndi kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi m'lifupi ndi m'litali). Ziwiri zoyambazo zinali za mtundu wotchedwa TN, yomalizayo ya mtundu wa IPS. Ofesi ikamagulira antchito ake malaputopu mazana, kawirikawiri imasankha yotchipa, chifukwa antchitowo akafika pa desiki amalumikiza ku monita yaikulu. Malaputopu amenewo ndi amene amadzatipeza ife. Yanga inali ndi yotsikitsitsa ija. Koma nkhani yomweyi inali ndi mbali yosangalatsa: ngati laputopu yomweyomweyi inkatuluka m'fakitale ndi sikirini yabwino, ndiye kuti thupi lake linapangidwa kuti litha kuilandira.

Ndisanapitirize, ndifotokoze chimene chinakanganitsa mayi uja ndi mwana wawo, chifukwa nditachimvetsa m'pamene ndinatsimikiza mtima.

Sikirini ya mtundu umenewu siiwala yokha. Kumbuyo kwake, m'mphepete, muli mzere wa timababu ta LED ndi timapepala tomwaza kuwala kuti kufike ponseponse mofanana. Kutsogolo kuli magalasi awiri opyapyala, ndipo pakati pawo pali madzi ena ake otchedwa liquid crystal. Tizigawo ta madzi amenewa n'totalika ngati timitengo ta machesi, tating'ono kosaoneka ndi maso, ndipo magetsi akatikhudza timatembenuka. Kutembenukako ndi kumene kumatsegula kapena kutseka njira ya kuwala. Kadontho kalikonse ka chithunzi, kamene amati pixel, kali ndi timazenera titatu: kofiira, kobiriwira ndi ka buluu. Maruni amatuluka kazenera kofiira kakatseguka pafupifupi theka, tinato titatsekeka.

Luso la TN ndi lakale. Martin Schadt ndi Wolfgang Helfrich analilembetsa mu 1970 akugwira ntchito ku kampani ya Hoffmann-La Roche mumzinda wa Basel ku Switzerland, ndipo ndi lomwe lili m'mawotchi a manambala ndi m'makakyuleta. Mu TN, magetsi akafika timitengo tija timadzuka, kuchoka pogona n'kuyamba kuimirira. Taganizirani mpanda wa bango umene wapendekeka ndi mphepo. Mukaima mbali ina mumaona zam'kati mwa bwalo kudzera m'mipata, mukasuntha pang'ono mipata ija imatsekeka. Ndi mmene zimakhalira pa TN, makamaka pa mitundu yapakati ndi yoderapo, pamene timitengoto tili chopendekeka, tisanagone komanso tisanaimirire. Woyang'ana ali pamwamba amaona zosuluka, woyang'ana ali m'munsi amaona zakuda. Mayi aja anali ataimirira, mwana wawo anali pa kampando kakafupi, ndipo maruni ndi mtundu wapakati weniweni.

IPS inabwera pambuyo. Kampani ya Hitachi ku Japan ndi imene inayamba kuigulitsa mu 1996. Mmenemo timitengo tija sitidzuka ayi, timangozungulira tili chigonere, ngati bango wa pa mphasa. Mphasa mukaiyang'ana muli kukhomo, muli pakona kapena mutaimirira pamwamba pake, imaoneka chimodzimodzi. N'chifukwa chake anthu angapo atha kuzungulira sikirini ya IPS n'kumaona mtundu umodzi.

Kusiyana kwina ndi kwa kuchuluka kwa timadontho. Mukachulukitsa 1366 ndi 768 mupeza 1,049,088. Mukachulukitsa 1920 ndi 1080 mupeza 2,073,600. Pa galasi lomwelo la mainchi 14, timadontho tonse tikuwirikiza pafupifupi kawiri, ndipo pa mzere wotalika inchi imodzi tikuchoka pa 112 kufika pa 157. Kwa ine amene ndimayala tsamba lonse la pulogalamu ya mwambo, nambala yofunika kwambiri ndi yachiwiriyo, ya kutalika. Pa 768, mapulogalamu okonzera zithunzi amadya malo pamwamba ndi pansi, tsamba lenilenilo n'kumalisuzumira ngati pa kabowo ka chitseko.

Munthu woyamba kumufunsa anali mnzanga wina, mmisiri wa mafoni ndi makompyuta amene ali ndi kabenchi kake kufupi ndi msika. Ndinamuuza kuti ndikufuna sikirini ya T440p yabwino. Anagwedeza mutu. "Achimwene, sikirini siigulidwa ndi dzina la laputopu. Imagulidwa ndi nambala ya kumbuyo kwake." Anatulutsa masikirini osweka atatu pansi pa benchi n'kundionetsa timapepala tomatidwa kumbuyo. Palibe kamene kanalembedwa dzina la laputopu. Opanga malaputopu ambiri sapanga okha magalasi amenewa, amagula ku makampani ochepa: AU Optronics ndi Innolux a ku Taiwan, LG Display ya ku South Korea, BOE ya ku China. Galasi limodzi litha kupezeka mu Lenovo, mu Dell ndi mu HP.

Nambalazo zimawerengeka ukazizolowera. Za AU Optronics zimayamba ndi B, za LG ndi LP, za Innolux ndi N, ndipo zambiri za BOE ndi NV kapena NT. Manambala atatu otsatira ndi kukula: 140 ndi mainchi 14.0, 156 ndi mainchi 15.6. Yanga yakale inkayamba ndi B140XTN. Simufunikanso kutsegula laputopu kuti muidziwe, pulogalamu yaulere ya HWiNFO imaionetsa. Ukakhala nayo nambalayo, pa intaneti pali tsamba la Panelook pamene umapeza zonse za sikiriniyo: kukhuthala kwake, kuwala kwake, mtundu wa pulagi yake ndi mbali imene pulagiyo ili. Lenovo nayo imaika poyera buku lokonzera mtundu uliwonse wa ThinkPad, lotchedwa Hardware Maintenance Manual, lokhala ndi zithunzi za kamasulidwe ka chilichonse. Ndinatha madzulo ambiri ndikuwerenga zimenezi pafoni, ndi bandulo yanga yomwe, ndipo ndinganene mosakayika kuti ntchito yaikulu inali imeneyi. Kumasula ndi kumanga kunali kwa theka la ola.

Pulagi ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna. Malaputopu akale, monga ThinkPad T430 ya 2012, amalankhula ndi sikirini kudzera mu njira yotchedwa LVDS, pa pulagi ya mapini 40. Atsopano amagwiritsa ntchito eDP, imene bungwe la VESA linakhazikitsa mu 2008, ndipo T440p ili ndi eDP ya mapini 30. Ziwirizi sizimvana ngakhale pang'ono. Choopsa n'chakuti palinso eDP ya mapini 40, ya masikirini a timadontho tochuluka kwambiri kapena okhudza ndi chala, ndipo pulagi yake itha kulowa bwinobwino pamalo pa LVDS ya mapini 40. Ikalowa sizitanthauza kuti zagwirizana. Magetsi amapita pa mapini olakwika ndipo china chake chimapsa. Eni T430 amene amafuna 1920x1080 amachita kuikamo kabolodi kapadera komasulira pakati pa njira ziwirizi, ntchito imene sindingailimbikitse kwa munthu wongoyamba.

Ngakhale mapini akhale 30 mbali zonse, pali chinanso chobisika. Mu waya wa eDP mauthenga a chithunzi amayenda m'tinjira. Sikirini ya 1366x768 imakwanira ndi kanjira kamodzi, koma ya 1920x1080 imafuna tiwiri. Malaputopu ena otchipa anawaikira waya wa kanjira kamodzi kokha, moti ukaika sikirini yabwino imangokhala yakuda kapena ya mizeremizere mpaka utasinthanso wayayo. Waya wa T440p uli nato tonse tiwiri. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene okonda ThinkPad amaikondera laputopu imeneyi.

Kenako panali nkhani ya mitundu, imene kwa ine inali mutu wa zonse. Mawu akuti IPS paokha sakutsimikizira kuti mitundu idzakhala yokhuta. Amangotsimikizira kuti siidzasintha ukapendeka mutu. Pali muyezo wa mitundu wotchedwa sRGB, umene HP ndi Microsoft anapanga mu 1996, ndipo zithunzi zambiri za m'mafoni ndi pa intaneti zimautsatira. Ogulitsa masikirini amakonda kulemba muyezo wina wa NTSC. Ukaona 72% NTSC, ndiye kuti sikiriniyo imaonetsa pafupifupi sRGB yonse. Ukaona 45% NTSC, ndiye kuti zofiira zake zimapita ku olenji, zobiriwira zimafooka, ngakhale ikhale IPS. Masikirini ambiri otchipa a 1920x1080 ndi a 45%. Munthu wolemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama sangadandaule nawo. Ine ndikanagula yoteroyo ndikanathetsa theka la vuto langa.

Ndinasankha B140HAN01.3 ya AU Optronics. Kampaniyi luso lake lofanana ndi IPS imalitcha AHVA, koma kagwiridwe ntchito ndi komweko kwa bango wa pa mphasa. Ndi ya mapini 30, ya 72% NTSC, yosanyezimira ngati kalilole, ndipo ili ndi timakutu tachitsulo pamwamba ndi pansi pomangapo timasikuluwu, monga yakale ija. Timakututo musatiderere. Masikirini ambiri atsopano a mainchi 14 alibe, amamatidwa ndi tepi, ndipo ndi ocheperapo m'mbali, moti mu laputopu yakale amagwedera.

Kuipeza ndiye kunali kovuta. Kuno m'tauni masikirini amapezeka, koma ambiri ndi ochotsedwa m'malaputopu akufa, ndipo ndi a 1366x768 omwewo, chifukwa amene amawafuna ndi anthu oti yawo yasweka. Mlamu wanga amagwira ntchito ku Johannesburg, choncho ndinamutumizira nambala ija pa WhatsApp. Wogulitsa woyamba amene anamupeza anati ali nayo. Ndinati, "Alamu, musalipire kaye. Muwauze atembenuze sikiriniyo, mujambule kapepala ka kumbuyo." Chithunzi chitafika, nambala inali ina. Wogulitsayo anaumirira kuti ndi chimodzimodzi, ikwana bwinobwino, aliyense amatenga yomweyo. Kukwana ikanakwanadi, koma nditaifufuza inali ya 45%. Umu ndi mmene malonda amenewa amayendera malo ambiri: amalemba nambala yotchuka, n'kukupatsa iliyonse imene ingalowe pamalopo. Mlamu wanga anatopa nane, ndikudziwa, pakuti kwa iye galasi ndi galasi. Koma anapirira, ndipo patatha milungu itatu anapeza wina amene kapepala kake kanali ndi nambala yeniyeniyo, chilembo ndi chilembo.

Inabwera pa basi, ndi mnzake wa mlamuyo amene ankabwera kumudzi kudzaona ana. Ulendo umenewo ndi wautali: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka kulowa pa Mwanza. Galasi lokhuthala mamilimita atatu okha silingapirire kupanikizidwa ndi zikwama pansi pa basi. Bamboyo analiika pakati pa makatoni awiri, n'kulikulunga m'bulangete, n'kulinyamula pamiyendo njira yonse. Nditakumana nawo ku Wenela anandipatsa ndi manja awiri ngati akundipatsa khanda. "Bambo, katundu wanu uyu. Sindinagone naye bwino." Ndinawathokoza kwambiri, ndipo mpaka lero ndikayang'ana sikiriniyi ndimawakumbukira.

Ndinadikira Lamlungu masana, nyumba itakhala zii, kuwala kwa dzuwa kukulowa bwino pawindo. Ndinayala chitenje choyera patebulo, pambali n'kuika sosala yoikamo timasikuluwu.

Choyamba, ndipo mnzanga mmisiri anandibwereza katatu, ndi kuchotsa magetsi onse. Kuthimitsa laputopu sikukwanira. Ndinazula chaja, kuchotsa batire, kenako kudina batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira athe. Chifukwa chake n'chakuti waya wa sikirini umanyamulanso magetsi a timababu ta kumbuyo tija, ndipo pa malaputopu ambiri magetsiwo amakhalapo ngakhale makina atathimitsidwa, bola batire lili m'malo. Pulagi ikapendekeka pang'ono pozula kapena polowetsa, mapini oyandikana amakhudzana, kafyuzi ka pa bolodi lalikulu n'kupsa. Zikatero laputopu imayaka koma sikirini imakhala mdima, chithunzi umachiona pokhapokha utaunika ndi tochi. Kafyuziko n'kochepa kuposa njere ya mpunga ndipo kumafunika katswiri wowotcherera. T440p batire lake ndi lakunja, umangokoka timaloko tiwiri. Malaputopu ena, kuphatikizapo abale ake T440 ndi T440s, amakhala ndi batire linanso m'kati, ndipo limenelo liyenera kuthimitsidwa kapena kuzulidwa kaye.

Felemu yapulasitiki yozungulira sikirini imagwiridwa ndi timano. Ndinalowetsa zikhadabo m'kati mwake, kumbali ya galasi, n'kumakoka pang'onopang'ono, thee, thee, kuzungulira. M'munsi munali kaguluu, ndipo pamenepo ndinathandizira ndi khadi lakale la kubanki. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pulasitiki ya zaka zoposa khumi imathyoka msanga. Felemu itachoka, timasikuluwu tinayi tinaonekera m'makona. Nditamasula, ndinagoneka sikirini yakale chafufumimba pa kiyibodi, nditayalapo kansalu.

Kumbuyo kwake, cham'munsi, ndi kumene kuli pulagi, yophimbidwa ndi tepi. Ndinamatula tepiyo mosamala n'kukoka pulagi molunjika, kugwira mutu wake osati waya. Apa manja anga ankanjenjemera ndithu. Laputopu imeneyi ndi imene imalipira lendi ndi fizi ya ana, ndipo ndinalibe ina. Ndinagoneka yatsopano pamalo pomwepo, kulowetsa pulagi mpaka mbali zonse ziwiri zitafika mofanana, kubwezera tepi, kuimika galasi n'kumanga timasikuluwu tiwiri tokha. Felemu ndinaisiya kaye pambali. Ndinabwezera batire n'kudina batani.

Panapita kamphindi kamene ndinakamva kutalika. Kenako dzina la ThinkPad linaoneka, laling'ono kuposa kale, lakuthwa m'mbali. Windows itatseguka, chithunzi cha kumbuyo chinali chomwe ndakhala nacho zaka zambiri, cha phiri la Mulanje chimene ndinajambula ndili m'minda ya tiyi. Ndinkachidziwa ngati chikhatho changa, kapena ndinkaganiza choncho. Tiyi anali ndi kubiriwira kwa mitundu ingapo, masamba anthete owala pamwamba, okhwima oderapo m'munsi. Pa thanthwe la phiri panali timizere ta madzi timene sindinationepo. Ndinaimirira, ndinagwada, ndinapita kumbali. Phiri silinasinthe. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone, ndipo iwo anangoti, "Kodi chithunzichi mwachisintha?"

Sikuti zonse zinangoyenda myaa. Zilembo zinachepa kwambiri, chifukwa timadontho tambiri pa galasi lomwelo ndiye kuti kalikonse n'kakang'ono. Mu Windows muli posankha kukula kwa zinthu, ndipo ine ndinakhazikika pa 125%. Pa 100% malo amachuluka koma maso amatopa, pa 150% umakhala ngati wabwerera ku malo opanikizika akale ngakhale zilembo zimakhala zosalala. Mapulogalamu ena akale zilembo zake zimaoneka zachimbuuzi ukakweza choncho. Usiku m'chipinda cha mdima, m'makona mwa sikirini mumaoneka kuwala pang'ono pa chithunzi chakuda, ndipo umenewo ndi mkhalidwe wa IPS, si kuwonongeka. Ndinayesanso mabatani okweza ndi kutsitsa kuwala ndisanatseke felemu, chifukwa ena amene anaika masikirini achilendo m'ma ThinkPad a zaka zimenezi anapeza kuti mabataniwo asiya kugwira. Kwa ine anagwira.

Palinso chimene sikirini iliyonse singathetse, ndipo ndimawauza makasitomala mosabisa. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, kuphatikiza kufiira, kubiriwira ndi buluu. Pulinta imapanga mitundu ndi inki zinayi pa pepala limene likungobweza kuwala kwa m'chipinda. Buluu wowala kwambiri ndi pepo wina amene amakongola pa galasi satuluka choncho papepala, ndipo golide weniweni satuluka n'komwe pokhapokha mutagwiritsa ntchito pepala kapena inki yapadera. Pepala lonyezimira ndi losanyezimira amaperekanso maruni awiri osiyana. Ndiye kusindikiza khadi limodzi loyesera sindinasiye. Chimene chinasintha n'chakuti poyamba ndinkayesa kanayi kapena kasanu, pano kawirikawiri kamodzi kapena kawiri, ndipo kusiyana kwa galasi ndi pepala kuli kokhazikika, ndakuphunzira. Kale kunkadalira mmene ndakhalira pampando tsiku limenelo.

Anzanga ena ataona anafuna kuchita chimodzimodzi, ndipo si onse amene ndinawalimbikitsa. Malaputopu opyapyala a masiku ano, ndi ambiri okhudza ndi chala, galasi lake linamatidwa kumodzi ndi chivindikiro, moti umasintha chigawo chonse cha pamwamba, pa mtengo woti ungaguleko laputopu ina. Amene laputopu yake ikadali pa waranti adikire kaye. Amene amagwirira ntchito pa tebulo limodzi tsiku lililonse, pamalo pamene magetsi savuta, monita yakunja ingamuthandize koposa. Ine ndimanyamula laputopu kupita nayo ku misonkhano ya makomiti a ukwati, m'makalasi a sukulu ndi pansi pa mitengo ya mango, anthu khumi n'kuizungulira, ena ataimirira ena atakhala pa benchi. Monita singanditsatire kumeneko. Koma kwa amene ali ndi laputopu ya ofesi ya zaka za m'ma 2013 kupita mtsogolo, ya felemu ya timano ndi timasikuluwu tinayi, yoti mtundu wake unkagulitsidwanso ndi sikirini yapamwamba, ndimati awerenge nambala yake ayambepo. Sikirini yakale ndinampatsa mnzanga mmisiri uja, ndipo sabata yomweyo anaiika mu laputopu ya mwana wa sukulu amene yake inasweka m'minibasi.

Phindu limene sindinaliyembekezere ndinalipeza pa mapulogalamu a maliro. Ntchito imeneyi imabwera mwadzidzidzi, nthawi zambiri usiku, ndipo chithunzi chimene achibale amabweretsa si chojambulidwa ku situdiyo. Chimakhala cha pafoni, chojambulidwa pakhonde dzuwa lili kumbuyo, kapena chakale cha papepala chimene wina wachijambulanso. Nkhope zathu ndi zakuda, ndipo zikakhala mumthunzi zonse zimene zimapanga munthu kukhala iyeyo, makwinya a pamphumi, mzere wa tsaya, kuwala kwa m'maso, zimakhala m'mitundu yoderapo ija imene TN imaisokoneza kwambiri. Pa sikirini yakale ndinkawalitsa chithunzi mongoyerekeza. Nthawi zina chinkatuluka chotuwa ngati munthu wadzola phulusa, nthawi zina nkhope inkangokhala chithunzithunzi chakuda pamwamba pa kolala yoyera. Achibale sankadandaula, pa maliro anthu sadandaula za zotere, koma ndinkaona mmene ankachiyang'anira.

Patangotha mwezi ndisinthireni sikirini, mnyamata wina anabwera madzulo ndi azakhali ake. Agogo ake aamuna anali atamwalira m'mawa wa tsiku limenelo ku Thyolo, ndipo maliro anali a mawa lake. Chithunzi chinali chimodzi chokha: agogowo atakhala pa mpando wa ndalema pakhomo pa nyumba, atavala jekete ndi chipewa, nkhope yonse ili mumthunzi wa chipewacho. Ndinachitsegula n'kuyamba kukweza kuwala kwa m'mithunzi mokha, pang'onopang'ono, osakhudza khoma loyera la kumbuyo. Mnyamatayo anakhala pa kampando kakafupi kaja. Azakhali ake anaimirira kumbuyo kwanga. Ndevu zoyera zinayamba kuoneka, kenako maso, kenako kachipsera kakang'ono pamwamba pa nsidze ya kumanzere.

"Imani pomwepo, achimwene," anatero mayiwo. "Chipsera icho anachipeza akudula nsungwi ndili mwana."

Mnyamatayo, ali pansi pomwe anakhalapo, anati, "Ndachiona, azakhali."

Ndinasindikiza mapepala 150 usiku womwewo, ndipo ananyamuka nawo pa minibasi yoyamba m'bandakucha.